Funsani Alangizi: Sukulu ya pulayiveti yatsekedwa m'dera lathu, malo ake atani?

Makalata onse a mwezi uno akukamba za sukulu imodzi ya pulayiveti imene yatsekedwa m'dera lina lokhalamo anthu kunja kwa pakati pa mzinda wa Lilongwe. Sukuluyo ili pa malo a mahekitala awiri, ili ndi makalasi, labotale, holo, hositelo ya atsikana ndi bwalo la mpira. Mwini wake anamwalira, ophunzira anayamba kuchepa, ndipo pomaliza teremu yachitatu geti linakhomedwa. Akuyankha ndi alangizi athu pa za malo, zomangamanga ndi za ntchito.

FUNSO: Ndine wapampando wa komiti ya anthu okhala m'dera lino. Tamva kuti malo a sukuluyi agawidwa mapuloti. Ana athu aphunzira pamenepa zaka zambiri, ndipo bwalo la mpira ndi lokhalo m'dera lonse. Kodi tili ndi mphamvu yoletsa?

YANKHO: Bambo wapampando, musanalembe zikwangwani kapena kuitana atolankhani, pezani kaye pepala la malowo. Tsogolo la sukuluyi lalembedwa kale pa chikalata chimene ambiri a inu simunachionepo, ndipo mkwiyo wa dera lonse sungafufute chilembo ngakhale chimodzi pa chikalatacho.

Yambani ndi nambala ya puloti. Imapezeka pa bilu ya msonkho wa kukhonsolo, pa mapu a dera ku ofesi ya mapulani a mzinda, kapena mungaifufuze poyambira pa nambala za mapuloti oyandikana nawo. Mukaipeza, pitani ku Land Registry, ofesi yosunga kaundula wa malo ya Unduna wa za Malo ku Lilongwe, mukapemphe chimene amachitcha official search. Aliyense ali ndi ufulu wopempha, pali kandalama kolipira, ndipo satifiketi imene akupatseni idzakuuzani zinthu zinayi: dzina la mwini malo, ngati ndi lizi (malo obwerekedwa kwa zaka zoikika) ndi zaka zake, ngati malowo ali pa chikole ku banki, ndiponso ngati pali wina amene anaikapo chiletso.

Dzina limene lituluke pamenepo ndilo lisonyeze njira. Likakhala la munthu mmodzi amene anamwalirayo, malowo ndi chuma chamasiye, ndipo palibe angagulitse popanda kalata za khoti zomupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho. Likakhala la kampani, olankhula ndi madayirekita, kapena woikidwa kuti athetse kampaniyo ngati inagwa ndi ngongole. Likakhala la matrasti olembetsedwa pansi pa lamulo la Trustees Incorporation Act, nkhani yakoma mbali yanu, chifukwa matrasti ndi osunga chabe, sangagawane katunduyo ngati wawo. Malamulo oyendetsera mabungwe otere kawirikawiri amanena kuti bungwe likatha, katundu wotsala apite ku bungwe lina la zolinga zofanana. Kope la malamulowo limasungidwa ku ofesi ya Registrar General.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pagona mphamvu yanu yeniyeni: malo ambiri a m'mizinda mwathu ndi a lizi, nthawi zambiri ya zaka 99, ndipo lizi imatchula ntchito imene malowo anaperekedwera. Ngati munalembedwa kuti ndi a sukulu, mwini wake sangangodzuka n'kuyamba kukhoma zikhomo za mapuloti. Afunika zilolezo zitatu zosiyana. Choyamba ndi chosintha ntchito ya malo, chimene amachitcha change of use, kuchokera ku komiti ya mapulani ya khonsolo molingana ndi lamulo la Physical Planning Act la 2016. Chachiwiri ndi chogawa malowo, potsatira pulani yosonyeza misewu ndi ngalande. Chachitatu ndi chivomerezo cha amene anapereka liziyo, kaya ndi Unduna wa za Malo, khonsolo kapena Malawi Housing Corporation. Pambuyo pa zonsezi m'pamene saveya (woyeza malo) wovomerezeka amaika mabikoni, zizindikiro za simenti zosonyeza malire, puloti iliyonse n'kulandira nambala yake.

Inu simuli eni malo, choncho simungalamule. Koma mungatsutse, ndipo kutsutsa kolembedwa bwino kumamveka. Lembani kalata kwa mkulu wa khonsolo, kope lipite kwa mkulu wa mapulani, kwa khansala wa wodi yanu ndi kwa Commissioner for Lands. Musalembe kuti "tikudandaula" basi. A mapulani amamva manambala. Werengani ana a msinkhu wa sukulu m'mabuloko anu, khomo ndi khomo, mothandizidwa ndi mabuloko lida. Yezani mtunda wokafika ku sukulu ina yapafupi, ndipo tchulani misewu ikuluikulu imene ana aang'ono adzawoloke. Funsani mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya boma yoyandikana nayo kuti kalasi imodzi ili ndi ana angati.

Ikanimonso masamu awa. Mahekitala awiri ndi masikweya mita 20,000. Mukachotsapo misewu ndi ngalande, zimene zimadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, patsala 15,000. Pa mapuloti a mamita 20 kwa 30, amenewo ndi mapuloti 25. Pa puloti iliyonse padzamangidwa nyumba yaikulu ndi ina yakumbuyo ya lendi. Ndiye kuti dera limene lataya sukulu lalandiranso mabanja okwana 50 okhala ndi ana ofuna sukulu, onse pa paipi yomweyo ya madzi ndi thiransifoma yomweyo. Mfundo imeneyi njovuta kuikana pa tebulo la komiti ya mapulani.

Kalata iliyonse muzipita nayo pamanja ndi kope lachiwiri, akudindireni chidindo cha tsiku limene alandira. Pemphaninso molemba kuti akuuzeni ngati pafika pempho lililonse lokhudza pulotiyo. Lamulo la Access to Information, limene linayamba kugwira ntchito mu September 2020, limakupatsani ufulu wofunsa zimenezi. Ofesi ya boma ikangokhala chete kapena ikalumpha ndondomeko, mungakadandaule kwa Ombudsman.

Ena adzakuuzani kuti mukaike caution pa malowo. Samalani. Chiletso chimenechi chimaikidwa ndi munthu amene ali ndi gawo lenileni pa malo, monga wolowa chuma kapena wogula amene analipira kale. Kukhala neba si gawo. Mukachiika popanda chifukwa chomveka, mwini malo angakusumireni kuti mumulipire zimene wataya.

Maganizo athu sitibisa: malo a sukulu m'dera lomangidwa kale akangodulidwa, sabwereranso. Khonsolo siidzagumula nyumba 25 kuti ipeze bwalo la mpira. Koma musayembekezere kuti banja lofedwa lisunge malo opanda phindu chifukwa chokomera inu. Pitani kwa iwo ndi njira, monga mpingo, bungwe kapena munthu wofuna kuyendetsa sukulu amene angagule kapena kuchita lendi. Nthawi zina mgwirizano wabwino umakhala wakuti mbali ya kumsewu idulidwe mapuloti ochepa kuti ngongole zibwezedwe, makalasi ndi bwalo zikhale pa taitolo (chikalata cha umwini wa malo) yakeyake ya sukulu.

FUNSO: Munthu wina wandionetsa puloti pa bwalo la mpira la sukuluyi. Akuti ndilipire theka lero chifukwa ofuna ndi ambiri, mapepala abwera pambuyo. Wandionetsa fotokope ya taitolo ndi mapu ojambula pamanja. Ndilipire?

YANKHO: Ayi, achimwene, musalipire. Taitolo imene mwaonayo ndi ya malo onse a sukulu. Puloti imene akukulozeraniyo pakadali pano kulibe. Imabadwa pokhapokha khonsolo itavomereza kugawa, saveya ataika mabikoni a simenti, ndipo itapatsidwa nambala yake ku Land Registry. Zikhomo za mitengo ndi miyala yopaka laimu si mabikoni.

Muuzeni dobadobayo akuonetseni zinthu izi: kalata ya khonsolo yovomereza kusintha ntchito ya malo, pulani yogawa malo yokhala ndi chidindo, kalata za khoti zosonyeza amene akuyendetsa chuma cha malemu, ndi chiphaso cha munthuyo. Kenako kachiteni search nokha, osatuma yemweyo. Ngati malowo ali pa chikole, banki ili ndi mphamvu yowagulitsa onse, pamodzi ndi maziko anu ndi njerwa zanu. Ndalama zikafika pomalipidwa, zidutse kwa loya amene mwasankha inu, ndipo zituluke pamene mapepala osinthira umwini asayinidwa. Wokukakamizani kulipira lero akudziwa kuti mawa mukhala mutafunsa.

FUNSO: Ndine mwana woyamba wa malemu amene anayambitsa sukuluyi. Tilipo ana anayi ndi mayi athu. Bambo sanasiye wilu. Banki ikutilembera makalata, aphunzitsi akufuna malipiro, achibale ena akuti tigulitse msanga. Tiyambire pati?

YANKHO: Pepani ndi zovutazi, achemwali. Musagulitse kanthu, ngakhale desiki limodzi kapena basi ya sukulu, musanakhale ndi mphamvu yochokera ku khoti. Chuma cha munthu womwalira wopanda wilu chimayendetsedwa ndi lamulo la Deceased Estates la 2011. Lamuloli limaika patsogolo mkazi wamasiye ndi ana, ndipo kulanda kapena kusokoneza chuma chamasiye ndi mlandu. Chuma chokhala ndi malo ndi nyumba zotere chimafunika kalata zotchedwa letters of administration kuchokera ku High Court. Khalani pansi ngati banja, musankhe anthu awiri, mwina mayi ndi mmodzi wa ana, kuti apemphe kalatazo. Mukalephera kugwirizana, ofesi ya Administrator General ingayendetse chumacho, ngakhale kuti imatengapo gawo lake ndipo zimatenga nthawi.

Fufuzaninso ngati sukuluyo inali m'dzina la bambo kapena la kampani. Eni sukulu ena amalembetsa sukulu ngati kampani koma malo n'kukhala m'dzina lawo. Zikatero, ngongole za kampani ndi za malemu zimawerengedwa padera, pokhapokha ngati bambo anapereka malowo ngati chikole cha ngongole ya kampani, zimene zimachitika kawirikawiri.

Makalata a banki musawabise m'kabati. Pa malo olembetsedwa, wobwereka akalephera kulipira kwa mwezi, banki imapereka chidziwitso cholemba, ndipo ikatha miyezi itatu osakonza zinthu, ingagulitse malowo. Pa okishoni mtengo umagwa, chiwongoladzanja ndi zolipira maloya zimachotsedwa pomwepo, banja n'kutsala ndi nyenyeswa. Pitani ku banki ndi satifiketi ya imfa, funsani ngati ngongoleyo inali ndi inshulansi ya moyo wa wobwereka, chifukwa ngongole zina zimathera pomwepo. Ngati inalibe, pemphani molemba nthawi yoti mupeze wogula nokha.

Kenako lembani mndandanda wa ngongole zonse, osasiya ngakhale imodzi: banki, malipiro a antchito, ndalama za penshoni zimene zinadulidwa koma osatumizidwa, msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito (PAYE) ku MRA, msonkho wa kukhonsolo, ground rent (lendi ya malo a lizi), mabilu a ESCOM ndi a Lilongwe Water Board, ogulitsa chimanga ndi nyemba ku hositelo, ndi fizi imene makolo analipiriratu. Ngongole zimabwezedwa kaye, chotsala ndicho chogawana. Woyendetsa chuma akagawa ngongole zisanathe, okongozawo angamutsate iye mwini. Dziwaninso kuti umwini wa malo sungasinthidwe popanda satifiketi ya MRA yosonyeza kuti misonkho ili bwino, ndiponso popanda chivomerezo cha amene anapereka lizi.

Pa mtengo, musadalire pepala lakale. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, choncho mtengo umene unawerengedwa zisanachitike izi ndi wongokusokeretsani. Itanani valuer (katswiri wowerengera mtengo wa malo) wolembetsedwa akupatseni mitengo iwiri: wa malowo ngati sukulu, ndi wa malowo atagawidwa. Wachiwiriwo umaoneka wonona pa pepala, koma chotsanipo ndalama za saveya, a mapulani, kugumula makalasi, kukwirira maenje, kulambula misewu, kukoka madzi ndi magetsi, ndi chaka chimodzi kapena ziwiri zodikira zilolezo pamene chiwongoladzanja chikukula. Kusiyana kwake kumachepa kwambiri kuposa mmene achibale akuganizira. Wogula amene akufuna sukulu safunika kusintha ntchito ya malo, ndiye malonda ake amatha msanga.

FUNSO: Ndaphunzitsa pa sukuluyi zaka 12. Tinangouzidwa pakamwa kuti ntchito yatha. Ndinkalandira K300,000 pa mwezi. Ndiyenera kulandira chiyani, nanga ndingatenge makompyuta a sukulu kuti akhale chikole?

YANKHO: Aphunzitsi, makompyuta asiyeni pomwe ali. Mukawatenga, nkhani ya malipiro isanduka ya kuba, ndipo inu ndi amene mukagone kupolisi.

Zoyenera kulandira ndi izi: malipiro a miyezi imene simunalandire, malipiro a mwezi umodzi m'malo mwa notisi ngati sanakupatseni, masiku a tchuthi amene simunapume, ndi severance, ndalama yoperekedwa ntchito ikatha potengera zaka zimene mwagwira. Lamulo la Employment Act limawerengera severance motere: malipiro a sabata ziwiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyambirira, sabata zitatu pa chaka chilichonse kuyambira cha 6 mpaka cha 10, ndi sabata zinayi pa chaka chilichonse kuyambira cha 11. Kwa inu ndi sabata 10, kuphatikiza 15, kuphatikiza 8, zonse 33. Malipiro a sabata imodzi ndi K300,000 kuchulukitsa ndi 12 n'kugawa ndi 52, zimene zikupereka pafupifupi K69,230. Severance yanu ndi pafupifupi K2,285,000. Ngati munkalandira alawansi ya nyumba, nayonso imalowa m'chiwerengerocho. Ndalama zomalizira ntchito zimayenera kuperekedwa pasanathe masiku asanu ndi awiri.

Penshoni ndi nkhani ina payokha. Olemba ntchito amayenera kuikapo 10 peresenti, inu 5 peresenti. Pemphani sitetimenti ku kampani yosunga penshoni yanu, muyerekeze ndi mapeyisilipi, mwezi ndi mwezi. Ndalama zimene zinadulidwa koma sizinafike ndi ngongole imene chuma cha sukulu chiyenera kubweza, ndipo mungakadandaule ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira za penshoni.

Musachedwe. Dandaulo la kuchotsedwa ntchito mosayenera limapita ku ofesi ya Labour pasanathe miyezi itatu. Pitani pamodzi aphunzitsi, alonda, ophika ndi amatironi, aliyense ndi kontirakiti yake, mapeyisilipi kapena sitetimenti ya ku banki. Zikakanika kumeneko, nkhani imapita ku khoti loona za ntchito la Industrial Relations Court. Lemberaninso oyendetsa chuma cha malemu kuti dzina lanu lilowe pa mndandanda wa ofunika kulipidwa malowo asanagulitsidwe. Malamulo amaika malipiro a antchito patsogolo pa ngongole zambiri, koma ndalama zikagawidwa kale, kuzitsata n'kovuta.

FUNSO: Mwana wanga analemba MSCE pa sukuluyi koma satifiketi sanatenge. Wina ali Fomu 3, ndipo ndinalipiriratu fizi ya teremu yotsatira. Ndipite kuti?

YANKHO: Mayi, za satifiketi yambirani ku ofesi ya Central West Education Division, imene imayang'anira masekondale a ku Lilongwe. Sukulu ikatsekedwa, masatifiketi osatengedwa, marejisitala ndi mafayilo a ana ziyenera kuperekedwa ku ofesi za maphunziro, osati kusiyidwa mu ofesi yodontha kuti chiswe chidye. Tengani nambala ya mayeso ya mwanayo, chaka chimene analemba ndi nambala ya senta. Satifiketi ikasowa, MANEB ku Zomba imapereka chikalata chotsimikizira zotsatira.

Wa Fomu 3 afunika kalata ya transifa ndi malipoti ake a sukulu. Mupezereni malo msanga pa sukulu yolembetsedwa ndi Unduna wa Maphunziro imenenso ndi senta ya MANEB, kuti kalembera wa mayeso a Fomu 4 asamuphonye. Funsani ngati sukulu yatsopanoyo imaphunzitsa maphunziro onse amene iye anasankha. Za fizi, sungani lisiti kapena silipi ya ku banki, lembani kalata kwa oyendetsa chuma. Makolo mukalemba kalata imodzi ya onse, yokhala ndi mayina ndi ndalama za aliyense, imayankhidwa msanga kuposa makalata makumi atatu obwera paokhapaokha.

FUNSO: Nyumba yanga yagundana ndi mpanda wa sukuluyi. Udzu wafika m'chiuno, usiku timamva kukhomola, ana amalowera pobowoka kukasewera. Eni ake achite chiyani kuti malowa asawonongeke, nanga ife tingathandize bwanji?

YANKHO: Bambo, nyumba yopanda munthu imatha msanga kuposa yogwiritsidwa ntchito, ndipo imatha motsatana. Zoyamba kupita ndi mawaya a kopa, masoketi, mipope ndi mamita. Kenako zitseko ndi mafelemu a mawindo. Malata akayamba kuchoka, mvula imalowa pamwamba pa khoma, ndipo makoma ambiri a sukulu zotere anamangidwa ndi njerwa zootcha zomata ndi dothi, pulasitala yekha ndiye wa simenti. Khoma lotero likamwa madzi dzinja limodzi limafufuma, pulasitala n'kuyoyoka, lachiwiri limagwa.

Zoopsa kwa ana zikonzedwe sabata ino, osadikira za kukhoti. Onani zivundikiro za septic tank ndi za maenje a madzi oipa: chosweka chilichonse chivundikiridwe ndi silabu yolemera, osati lata. Zimbudzi zokumba zikhomedwe. Thanki ya madzi yapansi kapena chitsime chitsekedwe ndi loko. Makwerero a thanki yam'mwamba achotsedwe chigawo cham'munsi. Magetsi azimitsidwe pa main switch, kusiya laini ya magetsi a panja ndi ya nyumba ya mlonda. Madzi atsekedwe pa valavu ya pa mita, apo ayi paipi imodzi yothyoledwa idzabweretsa bilu ya miyezi.

Labotale ndiyo imaiwalika. Mumakhala mabotolo a asidi wamphamvu, ma thermometer a mercury, masilinda a gasi, ndipo mwina sodium yosungidwa m'mafuta, imene imayaka ikakhudza madzi. Zimenezi asazithire m'chimbudzi, m'ngalande kapena kuziotcha. Mphunzitsi wa sayansi alembe mndandanda, zabwino ziperekedwe ku sukulu ina kudzera ku ofesi ya maphunziro, ndipo za mabotolo ofufutika zilembo afunse a MEPA, bungwe loona za chilengedwe. Pakadali pano chitseko cha sitolo ya mankhwalayo chiwotcheredwe chitsulo. Ngati pali denga la asbestos, lija lotuwa lokhuthala, asaliswe kapena kulicheka. Fumbi lake limawononga mapapo patapita zaka zambiri. Pochotsa amalinyowetsa, kumasula mabawuti, n'kutsitsa lathunthu.

Ntchito zina zimatsata nyengo. Mvula ikangotha, udzu utchetchedwe ndi kulambula mzere wa mamita atatu kuzungulira nyumba iliyonse ndi m'mbali mwa mpanda, moto wa osaka mbewa usanayambe. Mu October akwere padenga, akhomerere malata ogwedera, achotse masamba m'magatala, atsegule ngalande. Kamodzi pa mwezi munthu ayende chipinda ndi chipinda kuyang'ana njira za chiswe pa makoma ndi pa mitengo ya denga. Madesiki ndi mabuku asaunjikidwe pansi pogundana ndi khoma. Awaike m'chipinda chimodzi chouma, pamwamba pa njerwa, atawerengedwa ndi kujambulidwa zithunzi.

Mlonda mmodzi wosalipidwa miyezi itatu si chitetezo. Njira yotchipa ndi yakuti banja lodalirika likhale m'nyumba ya mphunzitsi wamkulu pa mgwirizano wolemba. Eni ake afunsenso kampani yawo ya inshulansi, chifukwa mapangano ambiri amasiya kuteteza nyumba ikakhala yopanda anthu kupitirira masiku 30 osawadziwitsa. Ayenderenso mabikoni a m'malire. Munthu akalima kapena kumanga pa malo a mwini poyera, popanda chilolezo ndi popanda womuletsa kwa zaka 12, angapemphe umwini. Wofuna kulima chimanga kuseri kwa hositelo apatsidwe chilolezo cholemba cha chaka chimodzi.

Inu aneba musalowe mwa inu nokha, ngakhale ndi mtima wabwino. Pemphani chilolezo cholemba kwa banjalo, kenako konzani tsiku lotchetcha ndi kutseka pobowoka, ndipo a nebahudu aike malowo pa njira yawo ya usiku. Eni ake akakana kuchita kanthu, dziwitsani a zaumoyo ku khonsolo, amene ali ndi mphamvu yolamula mwini malo kuchotsa zoopsa.

FUNSO: Mpingo wathu ukuganiza zochita lendi malowa, titsegule sukulu ya mkaka ndi ya ntchito zamanja, holo tizipempheramo. Ena akuti bwanji boma lingotenga ikhale sekondale yoyendera. Chotheka n'chiti?

YANKHO: Abusa, zonse ziwiri n'zotheka, koma liwiro lake n'losiyana. Boma lili ndi mphamvu yotenga malo pa ntchito yothandiza anthu onse, koma liyenera kulipira chipukuta misozi choyenera, ndipo ndalamazo ziyenera kukhala mu bajeti. Chaka cha boma chimayamba pa 1 April, choncho pempho lodzera kwa khansala, phungu ndi ofesi ya maphunziro lifike miyezi ingapo chaka chisanathe. Kugula nyumba n'chiyambi chabe, pafunikanso aphunzitsi ndi ndalama zoyendetsera. Lembani pempholo, koma musasiye makalasi akugwa podikira yankho.

Lendi ndi yachangu. Sayinani ndi amene ali ndi kalata za khoti, osati mwana aliyense wa malemu amene wabwera ndi makiyi. Ngati malowo ali pa chikole, banki ivomereze molemba, apo ayi tsiku logulitsa mudzatulutsidwa. Lendi yopitirira zaka zitatu ilembetsedwe ku Land Registry kuti wogula wam'tsogolo aipeze pa taitolo. Mgwirizanowo unene amene alipire msonkho wa kukhonsolo, amene akonze denga, ndi mmene ndalama zokonzera zidzachotsedwere pa lendi. Musanalowe, yendani ndi injiniya kapena mmisiri wodziwa, mujambule chipinda chilichonse, onse awiri musayine.

Chiphaso cha sukulu yakale sichikhala chanu chifukwa mwalowa m'makalasi ake. Pulayimale kapena sekondale imalembetsedwa mwatsopano ku Unduna wa Maphunziro, sukulu ya mkaka ku ofesi ya Social Welfare, ya ntchito zamanja ku TEVETA. Kupemphera mu holo Lamlungu lililonse ndi ntchito ina pa malo a sukulu, ndiye funsani khonsolo musanagule zokuzira mawu, ndipo gwirizanani ndi aneba za maola ndi poimika magalimoto. Zokonza zisakupusitseni: ana a mkaka amafuna zimbudzi zazifupi ndi mpanda wawowawo, makina owotcherera ndi opalira matabwa amafuna magetsi amphamvu a three phase, ndipo mawaya amene akhala chaka osagwira ntchito, makoswe akuyendamo, ayesedwe ndi wamagetsi wovomerezeka musanayatse. Septic tank ipopedwe. Ngati pali mjigo kapena chitsime, chikhale mamita osachepera 30 kuchokera ku chimbudzi chokumba, ndipo madzi ake ayezedwe ana asanayambe kumwa.

Chaka cha sukulu chimayamba mu September. Kuti mutsegule nthawi imeneyo, mgwirizano wa lendi ukhale utasayinidwa pofika March, pempho la kulembetsa lipite mu April, ndipo ntchito ya denga ndi zimbudzi ichitike m'miyezi ya May mpaka July, oyendera sukulu asanabwere kudzaona malowo.